Kodi Asayansi Apeza Zotani pa Khwisa?

Nkhani za khwisa zachuluka pa intaneti masiku ano, ndipo munthu woziwerenga mwachidwi amatsala ali kakasi. Lero wina akulemba kuti ndi masamba oposa onse pa ayironi ndi mapuloteni, mawa wina akuti mizu yake imathandiza abambo amene akuvutika pokodza, mkuja winanso akuonetsa malaya a ulusi wa khwisa n'kumanena kuti thonje latha ntchito. Onsewa amatsamira pa mawu akuti kafukufuku wasonyeza, ndipo kawirikawiri sakunama, pakuti kafukufukuyo alipodi. Chimene chimasokoneza n'chakuti mawu amodziwo akuphimba ntchito zosiyana kulemera kwake. Kuyeza michere ya tsamba louma, kuthira madzi a tsamba pa maselo m'labotale, ndi kupatsa anthu mazanamazana mankhwala kwa miyezi ingapo, zonsezi zimatchedwa kafukufuku, koma iliyonse imayankha funso lake, ndipo yankho la funso limodzi silingabwerekedwe kuti likayankhe linzake.

Khwisa amene akunenedwayu ndi uti

Dzina loti khwisa limagwira zomera zingapo zimene zimafanana pa chinthu chimodzi, ndicho kuyabwa kapena kuwotcha khungu munthu akazikhudza. Zolemba zambiri za sayansi, komabe, zimanena za mtundu umodzi wotchedwa Urtica dioica, dzina limene katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaupatsa mu 1753. Mbali yoyamba ya dzinali inachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuwotcha, pamene yachiwiri inachokera ku Chigiriki ndipo imatanthauza nyumba ziwiri, chifukwa kawirikawiri maluwa aamuna ndi aakazi amakhala pa zomera zosiyana. Kwawo kwenikweni kwa chomerachi ndi ku Ulaya, madera ozizirirapo a ku Asia ndi kumpoto kwa Africa, ngakhale kuti lero chinafalikira kumakontinenti ena. Chimatalika mita imodzi kapena mamita awiri, masamba ake amakhala awiriawiri moyang'anana ndipo m'mphepete mwake muli mano ngati a sowo. Pansi pa nthaka chimayala mizu yachikasu yoyenda chopingasa imene imaphukira apa ndi apo, n'chifukwa chake chikakhazikika pamalo chimakhala chigulu ndipo kuchizula n'kutha ndi ntchito yaikulu.

Achibale ake ndi ambiri. Pali Urtica urens, khwisa wamfupi amene amakhala nyengo imodzi yokha. Pali Urtica massaica wa m'mapiri a kum'mawa kwa Africa. Pali Urtica simensis amene anthu a ku Ethiopia amamutcha samma ndipo amadya masamba ake. Palinso Girardinia diversifolia, amene ku Nepal amamutcha allo ndipo amalukira nsalu. Chitedze, ngakhale chimayabwa koopsa, si cha m'banja limeneli ayi, ndi cha m'banja la nyemba, ndipo chimene chimayabwitsa mwa icho ndi puloteni ina yake yotchedwa mucunain. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika pa zonse zotsatira. Ana a bere limodzi amafanana nkhope, koma dokotala sangayeze magazi a mkulu n'kulemba zotsatira zake pa khadi la mng'ono. Chimodzimodzi, zimene zapezeka pa Urtica dioica wa ku Germany sizitanthauza kuti zapezekanso pa chomera chilichonse choyabwa chimene munthu angachitche khwisa.

Kuyabwa kwake kumachokera kuti

Pa tsinde ndi pansi pa masamba a khwisa pali tiubweya tolimba timene ndi tosiyana ndi ubweya wamba wa zomera. Kaubweya kalikonse ndi selo limodzi lalitali lamphako, lokhala pa kathumba kamene kali ndi madzi, ndipo nsonga yake ndi kamutu kophwanyika msanga chifukwa kali ndi silika, chinthu chomwe chija chimene amapangira galasi. Khungu likangokhudza, kamutuko kamathyoka mopendekera n'kusiya nsonga yakuthwa, nsongayo imalowa m'khungu, kathumba kaja kamafinyika, ndipo madziwo amalowa m'thupi. Palibe fanizo lina loposa la jakisoni, kungoti jakisoni ameneyu amadzitsegula yekha ndipo amagwira ntchito kamodzi.

Woyamba kufotokoza zimenezi mwatsatanetsatane anali Robert Hooke wa ku England, m'buku lake la Micrographia la mu 1665. Iye anaika tsamba la khwisa pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kumakankha tiubweyato ndi chala chake, ndipo anaona madzi akukwera ndi kutsika m'kati mwa kaubweya malinga ndi mmene ankakankhira. Mmene jakisoniyo amagwirira ntchito zinadziwika kalekale choncho, koma funso la zimene zili m'madziwo lakhala likuvuta mpaka lero. Kwa nthawi yaitali mabuku ankaphunzitsa kuti ndi asidi wotchedwa formic, yemwe amapezekanso mu nyerere zina. Mu 1947, asayansi awiri, Emmelin ndi Feldberg, ku Cambridge anapeza kuti m'madziwo muli histamine ndi acetylcholine, ndipo mu 1956 ofufuza ena anawonjezera serotonin. Zitatuzi ndi zinthu zimene thupi la munthu limapanga lokha potumiza mauthenga a ululu, kuyabwa ndi kutupa, kotero khwisa amachita ngati munthu wobwera amene akulankhula chinenero cha eni mudzi.

Komabe zitatuzi zimatha msanga m'thupi, pamene kunyerenyetsa kwa khwisa kumatha kukhala maola ambiri. Ofufuza a ku Taiwan mu 2006, poyeza mtundu wina wotchedwa Urtica thunbergiana, analoza ma asidi awiri, oxalic ndi tartaric, kuti ndiwo amatalikitsa ululu. Ndipo mu 2020 asayansi a ku University of Queensland anapeza kuti mtengo woyabwa wa ku Australia wotchedwa gympie-gympie, womwe ndi wa m'banja lomweli ndipo ululu wake umatha masabata, uli ndi timapuloteni tapoizoni tofanana kapangidwe ndi ta akangaude. Chimene aliyense amagwirizana n'chakuti kutentha kwa madzi owira, kuumitsa, ngakhalenso kusinja kumawononga tiubweyato, ndipo tsamba lotero silibayanso pakamwa.

Khwisa monga chakudya, ndi msampha wa manambala

Anthu akhala akudya masamba anthete a khwisa kwa zaka mazana ambiri, makamaka kumayiko ozizira kumene chomerachi chimaphuka msanga dzinja lawo likangotha, nthawi imene m'minda mulibe masamba ena. Amaphika msuzi wake ku Ulaya, ku Nepal amamutcha sisnu, ndipo ku Cornwall ku England kuli tchizi wotchedwa Yarg amene amakutidwa ndi masamba ake. Apa ndiye pamene umboni wa sayansi uli wolimba kwambiri, chifukwa kuyeza michere ya chakudya ndi ntchito imene labotale iliyonse yabwino ingabwereze n'kupeza zofanana.

Malinga ndi ziwerengero za unduna wa zaulimi wa ku United States, magalamu 100 a masamba a khwisa ophikidwa pang'ono m'madzi owira ali ndi makalori 42, magalamu 2.7 a mapuloteni, mamiligalamu 481 a kashiyamu, mamiligalamu pafupifupi 1.6 a ayironi, ndi mamaikulogalamu pafupifupi 499 a vitamini K. Kashiyamuyo ndi wochulukadi, pafupifupi kanayi poyerekeza ndi wa mu mkaka wa ng'ombe wolemera chimodzimodzi. Ayironi, amene khwisa amatamandidwa naye kwambiri, ndi wapakatikati chabe, pakuti sipinachi wosaphika ali ndi mamiligalamu 2.7.

Nanga bwanji zolemba zina zimati khwisa ali ndi mapuloteni ofika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake? Nazonso sizikunama. Izo zikunena za ufa wa masamba ouma, ngati umene ofufuza a ku Nepal anauyerekeza ndi ufa wa tirigu ndi wa balere mu 2016. Tsamba laliwisi mbali yake yaikulu ndi madzi, ndipo madziwo akachoka, zotsalazo zimaoneka zochuluka pa magalamu 100 aliwonse. Zili ngati kuyerekeza mkaka wa ufa ndi mkaka wamadzi: wa ufawo umapambana pa nambala iliyonse, koma palibe amene amadya kapu yodzaza ndi ufa wa mkaka. Munthu angathe kudya magalamu 100 a masamba ophika pa chakudya chimodzi, pamene ufa wa khwisa amangothira supuni imodzi kapena ziwiri. Woona nambala yaikulu ayenera kuyamba wafunsa ngati anayeza tsamba laliwisi, lophika kapena louma.

Pali funso linanso limene tebulo la michere siliyankha, lakuti pa zimene zili m'tsambamo, thupi limatengapo zochuluka bwanji. Ayironi wa m'zomera salowa m'magazi mosavuta ngati wa mu nyama, ndipo zinthu zina za m'masamba zimamanga ayironi ndi kashiyamu kuti zingodutsa m'matumbo. Vitamini K uja naye ali ndi mbali ziwiri. Mbale imodzi ya khwisa imapereka pafupifupi kanayi mlingo umene munthu wamkulu amafuna pa tsiku, zimene si vuto kwa ambiri, koma kwa amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kusintha kwadzidzidzi kwa vitamini K m'zakudya kumasokoneza mphamvu ya mankhwalawo.

Mankhwala: makwerero a umboni

Mbiri ya khwisa pa zamankhwala ndi yakale kwambiri. Dioscorides, sing'anga wachigiriki wa m'zaka za zana loyamba, anamulemba m'buku lake la mankhwala, ndipo m'madera ambiri munali chizolowezi chodzikwapula dala ndi khwisa pa mfundo zophwanya ndi nyamakazi. Sayansi ya masiku ano imayesa zonena zoterezi pa makwerero. Pansi penipeni pali kuyesa pa maselo m'mbale za m'labotale, pamwamba pake kuyesa pa nyama monga makoswe, kenako kuyesa pa anthu ochepa, ndipo pamwamba pali kuyesa pa anthu ambiri ogawidwa mwamaere m'magulu awiri, lina likulandira mankhwala enieni ndipo lina likulandira ongoyerekezera, popanda wodwala kapena dokotala kudziwa amene walandira chiyani. Nkhani zambiri zosangalatsa za khwisa zili pa makwerero apansi. Mwachitsanzo, mu 1999 ofufuza a ku Germany anaonetsa kuti madzi a masamba ake amatsekereza puloteni yotchedwa NF-kappa B, imene imayatsa kutupa m'maselo. Zimenezi n'zoona m'mbale, koma mbale ilibe m'mimba mogaya mankhwalawo, ilibe chiwindi chowaphwanya, ndiponso ilibe impso zowataya.

Kuyesa chizolowezi chodzibaya ndi khwisa chija kukuonetsa bwino mmene ntchitoyi imavutira. Mu 2000, madokotala a ku Plymouth ku England anatenga anthu 27 amene ankamva ululu wa nyamakazi patsinde pa chala chachikulu kapena chamkombaphala. Kwa sabata imodzi, tsiku lililonse, odwalawo ankadinda tsamba la khwisa pamalo opwetekawo, ndipo pa sabata ina, patadutsa nthawi yopumira, ankadinda tsamba la chomera chotchedwa Lamium album, chimene chimaoneka ngati khwisa koma sichiyabwa. Ululu unachepa kwambiri pa sabata ya khwisa weniweni. Koma taganizirani za wodwalayo atakhala ndi tsamba m'manja: limodzi likumusiya ndi timatuza tofiira ndi kunyerenyetsa, linalo silikuchita kanthu. Kodi angalephere kudziwa kuti mankhwala enieni ndi ati? Akadziwa, chiyembekezo chake chimalowerera pa mmene akumvera ululu, ndipo chinsinsi chimene kuyesaku kumadalira chatha. Gulu lomwelo linayesanso mu 2008 pa anthu 42 odwala mawondo, pogwiritsa ntchito mtundu wa khwisa wosayabwa monga choyerekezera, ndipo ulendo uno magulu onse awiri anapezako bwino popanda kusiyana koonekeratu. Zotsatira ziwirizi sizikutsimikiza kuti njirayi imagwira ntchito, ndiponso sizikutsimikiza kuti sigwira.

Mbali imene yafufuzidwa kwambiri ndi ya mizu pa vuto la kukula kwa prostate, kachiwalo kamene kamazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna. Mwamuna akamakalamba kachiwaloka kamakula n'kuyamba kupana njirayo, monga mmene phazi limapanira paipi ya pulasitiki, ndipo mkodzo umatuluka mofooka, munthu n'kumadzuka kangapo usiku. Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri anachitika ku Iran ndipo anasindikizidwa mu 2005. Anayamba ndi amuna 620 kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwa amene anamaliza, 81 pa 100 alionse a gulu la khwisa ananena kuti apezako bwino, poyerekeza ndi 16 pa 100 a gulu linalo. Kusiyana kotereku n'kwakukulu kwambiri, kwakukulu moti asayansi osamala amafuna kuona magulu ena odziimira paokha akupeza zofanana asanakhulupirire. Kafukufuku wina wa ku Germany anayerekeza mankhwala a zitsamba ndi mankhwala a kuchipatala monga finasteride n'kupeza zotsatira zoyandikana, koma mankhwala a zitsambawo anali osakaniza mizu ya khwisa ndi zipatso za kanjedza wotchedwa saw palmetto, kotero n'zosatheka kudziwa kuti mwa ziwirizo chagwira ntchito n'chiti.

Apa m'pofunika kumvetsa mawu amodzi amene amasocheretsa ambiri. Bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency limavomereza mizu ya khwisa pa zizindikiro za vuto la prostate, ndiponso masamba ake pa kuphwanya kwa mfundo kosaopsa ndi pochulukitsa mkodzo. Koma limatero pansi pa gulu la mankhwala ogwiritsidwa ntchito kuyambira kale. Kuti chitsamba chilowe m'gulu limeneli pamafunika umboni wakuti chagwiritsidwa ntchito kwa zaka zosachepera 30, zaka 15 mwa izo m'mayiko a European Union, kuti sichinaonetse kuvulaza, ndi kuti n'zomveka kuganiza kuti chimathandiza. Pali gulu lina lapamwamba limene limafuna umboni wa kuyesa pa odwala, ndipo khwisa sanaikidwe m'menemo. Wogulitsa akanena kuti mankhwala ake ndi ovomerezeka ku Ulaya akunena zoona, koma chilolezocho chili ngati kalata yochitira umboni khalidwe la munthu, osati satifiketi ya mayeso. Bungwelo limanenanso kuti mwamuna ayambe wapimidwa ndi dokotala, chifukwa zizindikiro za kukula wamba kwa prostate zimafanana ndi za khansa.

Pa matenda ena umboni ndi wochepa. Kafukufuku wa mu 1990 ku Portland, ku United States, pa chimfine chobwera ndi mungu wa maluwa, anayamba ndi anthu 98 n'kumaliza ndi 69, ndipo khwisa anaposa choyerekezera pang'ono chabe. Pa matenda a shuga, kafukufuku wa ku Iran wa mu 2013 pa odwala 92 anapeza kuti shuga anatsika mwa amene anamwa makapisozi a masamba kwa miyezi itatu, koma onsewo ankamwabe mankhwala awo a kuchipatala. Ngati khwisa amatsitsadi shuga, ndiye kuti kumuphatikiza ndi mankhwala ena popanda dokotala kudziwa kungatsitse shuga mopitirira.

Khwisa ndi nthaka

Akatswiri a zomera amatcha khwisa chomera cholozera, kutanthauza chomera chimene kupezeka kwake kumaulula mmene nthaka ilili. Amakonda nthaka yodzala ndi nayitirojeni ndi fosifolasi, ndipo mu 1964 Pigott ndi Taylor ku England anaonetsa kuti fosifolasi ndiye amalamula kwambiri kumene khwisa angakule bwino. Fosifolasi amachuluka pamene panali khola, dzala, phulusa kapena mafupa, ndipo amakhalitsa m'nthaka, kotero ofukula zakale ku Ulaya amadziwa kuti chigulu cha khwisa pakati pa thengo chingakhale chikuloza pabwinja. Kwa tizilombo, chigulu chomwecho ndi mudzi wotetezeka, popeza ziweto zimachilambalala. Mbozi za agulugufe angapo a ku Ulaya, monga Aglais io ndi Aglais urticae, zimadalira masamba a khwisa pa chakudya. Mbali ina ya nkhaniyi ndi yakuti feteleza wokokoloka m'minda akachuluka m'mbali mwa mitsinje, khwisa amakula mwamphamvu n'kuphimba zomera zina zing'onozing'ono, ndipo pamenepo kuchuluka kwake ndi chizindikiro chakuti malowo adwala.

Popeza amakoka michere yambiri chonchi, alimi a ku Ulaya akhala akuviika khwisa m'madzi, kawirikawiri kilogalamu imodzi ya masamba aawisi m'malita 10, n'kumusiya kuti awole kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Madziwo amachita thovu, amada, ndipo fungo lake ndi la khola la nkhumba. Akasefa amawasungunula ndi madzi ena n'kuthirira kapena kupopera mbewu. Ku France manyowa amadzi amenewa, amene kumeneko amawatcha purin d'ortie, anabutsa mkangano waukulu. Lamulo la zaulimi la mu 2006 linaletsa kugulitsa kapena kulimbikitsa mankhwala a mbewu amene sanalembetsedwe ku boma, ndipo madzi a khwisa anagwera m'gulu lomwelo limodzi ndi mankhwala a m'mafakitale. Alimi a m'madimba anakwiya, manyuzipepala anaitcha nkhondo ya khwisa, ndipo boma linalola kugulitsa madziwa mu 2011. Mu 2017 European Union inavomereza khwisa monga chinthu wamba chololedwa kugwiritsidwa ntchito polimbana ndi nsabwe za m'mbewu, akangaude ang'onoang'ono owononga masamba ndi matenda ena a chuku. Nachonso chilolezochi chimayang'ana kwambiri za kusavulaza anthu ndi chilengedwe, ndipo sichifuna umboni wa mphamvu wofanana ndi umene umafunika pa mankhwala ophera tizilombo a m'mafakitale. Kuyeza kwasonyeza kuti madziwa ali ndi nayitirojeni amene mbewu ingagwiritse ntchito, koma pamene ofufuza a ku Valencia ku Spain anawapopera pa mbatata ya kachewere m'munda, mu kafukufuku wosindikizidwa mu 2018, zokolola sizinachuluke moonekeratu.

Njala yomweyi ya khwisa ndi imene yakopa ofufuza njira zoyeretsera nthaka yoipitsidwa pogwiritsa ntchito zomera. Ganizo lake ndi la thonje loyamwa mafuta otayika: kubzala chomera pamalo amene pali zitsulo zapoizoni monga mtovu kapena cadmium, kuchisiya kuti chiyamwe, n'kuchikolola. Khwisa amapirira pamalo otere ndipo amayamwako zitsulozo, ngakhale si mwa zomera zoyamwa kwambiri. Izi zikubweza nkhani ku chakudya, chifukwa khwisa wa m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi fakitale kapena padzala angakhale wobiriwira mokongola kuposa wina aliyense, koma atanyamula zitsulo ndi nitrate wochuluka m'masamba ake.

Ulusi wa m'tsinde

M'khungwa la tsinde la khwisa muli ulusi wautali, wosalala ndi wolimba, wa mtundu wofanana ndi wa fulakesi. Pa chilumba cha Funen ku Denmark, pamalo otchedwa Lusehøj, panapezeka nsalu ya zaka pafupifupi 2,800 imene inakulunga mafupa a munthu wowotchedwa n'kuikidwa mumtsuko wa buronzi. Kwa zaka zambiri anthu ankaiyesa ya fulakesi, mpaka mu 2012 pamene kuyeza kwatsopano kunaonetsa kuti ndi ya khwisa, ndiponso kuti khwisayo sanamere ku Denmark koma ayenera kuti anachokera cha ku Austria. Nsalu yoyenda ulendo wotero kukakulunga mafupa a munthu wolemera sinali chovala cha amphawi.

Thonje litatchipa, khwisa anaiwalika, ndipo ankakumbukiridwa pa nthawi za mavuto zokha. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, Germany ndi Austria atatsekeredwa njira zopezera thonje, anthu anatumidwa kukasonkhanitsa khwisa wa m'tchire kuti apangire nsalu. Vuto linali lakuti khwisa wa m'tchire ali ndi ulusi wochepa, pafupifupi magawo 5 pa 100 a tsinde louma. Kuyambira mu 1927 mpaka cha m'ma 1950, Gustav Bredemann wa ku Hamburg anasankha ndi kuswanitsa mitundu mpaka anapeza ina yofika magawo 17 pa 100, ndipo mbewu zakezo ndi zimene ofufuza a lero akugwiritsabe ntchito. Amene amalimbikitsa khwisa amanena kuti akabzalidwa kamodzi amakololedwa zaka zambiri, safuna mankhwala ambiri ophera tizilombo, ndipo kumayiko a mvula yokwanira safuna kuthirira ngati thonje. Okayikira amayankha kuti amafuna nayitirojeni wambiri, kuti mitundu yabwinoyo imabzalidwa ndi zodula osati njere, zimene zimakweza mtengo, ndi kuti kulekanitsa ulusi ndi tsinde popanda kuuthyola kudakali kovuta pa makina. Ku France ofufuza ayesa kuphatikiza mbali ziwirizi pokolola khwisa womera pansi pa mitengo ya poplar pa nthaka yoipitsidwa ndi mafakitale, n'cholinga chakuti malo osayenera chakudya atulutse ulusi.

Mafunso amene adakali poyera

Loyamba ndi la mankhwala enieniwo. M'mizu mwapezeka zinthu zingapo zimene zikuganiziridwa kuti ndizo zimagwira ntchito pa prostate, kuphatikizapo puloteni yotchedwa UDA imene asayansi a ku Belgium anaipatula mu 1984, koma palibe chimodzi chimene chatsimikizika kuti ndicho mwini ntchito. Popanda kudziwa chimenecho, n'kovuta kuika mlingo, ndipo tiyi wa masamba, kapisozi wa ufa ndi madzi a mizu osungunulidwa mu mowa wa m'labotale sizingatengedwe ngati mankhwala amodzi. Kodi kafukufuku wamkulu, wochitikira m'zipatala za mayiko angapo, angabwereze zotsatira za mu 2005? Nanga ndani angalipire, popeza chomera chomera chokha m'tchire sichipatsa kampani umwini umene ungabweze ndalama zake?

Chitetezo cha amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono sichinayesedwe mokwanira, n'chifukwa chake mabungwe oyang'anira mankhwala salimbikitsa magulu amenewa kumwa mankhwala a khwisa, ndipo mmene amakhudzirana ndi mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi ndi okodzetsa zikudziwika kwambiri mwa kulingalira kusiyana ndi mwa kuyesa. Pa chakudya, funso la kuchuluka kwa ayironi ndi kashiyamu amene thupi la munthu limatengadi kuchokera m'mbale ya khwisa likudikirabe kuyezedwa mwa anthu. Mitundu ya ku Africa ndi ku Asia yafufuzidwa pang'ono poyerekeza ndi wa ku Ulaya, ndipo sizikudziwika kuti ndi zotsatira ziti zimene zingawolokere kwa iyo. Pa ulimi, kuyesa kwa m'minda kwa zaka zingapo n'kochepa, kotero mkangano wakuti madzi a khwisa ndi feteleza wofooka chabe kapena ali ndi mphamvu ina yolimbitsa mbewu sunathe. Ndipo pa nthaka yoipitsidwa, ngakhale ulusi utatuluka woyera, masamba ndi zotsalira za tsinde zimene zayamwa zitsulo zimafunabe kotayidwa, ndipo ofufuza sanagwirizane kuti ziwotchedwe, zikwiriridwe, kapena zisiyidwe pomwepo kuti ziwolere m'nthaka imene zinachokera.